Mkati mwa Nsomba ya Chitseko

Bambo wogulitsa zakudya za mbalame pamsika waukulu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Madontho ali ndi zinkhwe zosachepera makumi asanu. Ndipo simungamunene. Mwezi ndi mwezi mayiyu ankabwera kudzagula mafupa oyera aja amene anthu amapachika m'makola kuti mbalame zizinolerapo milomo, ndipo sankagula limodzi kapena awiri ngati anzake, ankanyamula katoni yonse.

"Ana anu aja ali bwanji, mayi? Ayamba kuyankhula?"

"Akuyankhula kwambiri, bambo. Ena ayamba ndi miseche yomwe."

Chinkhwe analibe ngakhale chimodzi. Madontho anali mmisiri wa ndolo, mphete ndi zovala m'khosi, ndipo mafupawo ndiwo anali zikombole zake. Ndi mafupa a kanyama kena ka m'nyanja yamchere, opepuka, ofewa mkati ngati choko. Ankacheka fupa pakati, n'kukhuza mbali ziwirizo mpaka zitasalala, n'kugoba ndi singano chimene akufuna, n'kumanga ndi waya, kenako n'kuthiramo siliva wosungunuka. Fupalo limapsa pomwepo, fungo lake ngati la tsitsi lowauka, ndipo silibwereza ntchito kawiri. Koma limasiya mizere yake pasilivapo, timizere tokhotakhota tonga mafunde, timene dzanja la munthu silingathe kulemba ngakhale atakhala mmisiri wotani.

Ntchito ankaidziwa, ndipo ankadziwa kuti amaidziwa. Anali atagwira zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake, ndipo tsopano anali atapeza shopu yakeyake, pakati pa wokonza mawotchi ndi sitolo ya mankhwala. Kutsegulira kunali Loweruka m'mawa. Penti inali itauma, magalasi anali atapukutidwa, ndipo pazenera lalikulu loyang'ana kumsewu zinyama zake zonse zasiliva zinali zitakhala m'malo mwake: nkhanu yonyamula ambulera, kamba wa masitepe kumsana, nyenyezi ya m'madzi ya miyendo isanu ndi iwiri. Kasitomala wina wodziwa zinthu anamuuzapo kuti nyenyezi yotere imakhala ndi miyendo isanu basi. Madontho anangoti, "Imeneyo ndi ya kwanu," ndipo munthuyo anagula ziwiri.

Pakati pa zeneralo panali kathabwa kokutidwa ndi nsalu yakuda, popanda kanthu. Amenewo anali malo a nsomba ya chitseko. Nsombayo inali itatha kale, yaitali ngati chala chapakati, yonenepa ngati bokosi la machesi, diso limodzi la galasi lowala, linalo lachimbuuzi. Pambali pake panali kachitseko kotseguka ndithu. Koma ukatsegula, mkatimo munali mbee, ndipo Madontho analumbira kuti saiika pazenera ili choncho. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndiye ankadziwa za mkatimo, ndipo munthuyo anali atatseka pakamwa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Nkhani yake inayamba Madontho ali ndi zaka zisanu, asanakhale n'komwe Madontho. Bambo awo ankayendetsa lole, ndipo kwa chaka chathunthu ankalonjeza ana awo aakazi awiri kuti adzawatenga kukaona nyanja yamchere. Sabata ya ulendo itakwana, wamng'onoyo anagwidwa ndi chikuku. Mayi anati wamkulu apite ndithu, kuti asatengere. Anapita, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, atavala diresi la kutchalitchi. Pobwera patatha masiku asanu anapeza mng'ono wake ali thapsa pabedi, maso atatupa osatseguka.

"Mwaiona?" anafunsa wodwalayo.

Mkulu wakeyo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kufotokoza. Tsiku lililonse ankabwera ndi chinyama china. Chomaliza, chimene wodwalayo ankachifuna mobwerezabwereza, chinali nsomba ya chitseko. Nsombayo inkatsokomola katatu isanayambe kusambira. Diso lake lakumanzere linali lofooka. Chitseko chake chinali chovuta, unkayenera kuchikweza kaye pang'ono kuti chitseguke. Ndipo ntchito yake inali imodzi: kutenga ana odwala, kuwasunga m'mimba mwake mpaka achire, n'kukawatula pamchenga.

"Nanga mkatimo muli chiyani?"

"Ukachira ndikuuza."

Anachira. Chikuku chinamusiyira timadontho pamasaya, abale n'kumupatsa dzina limene silinamuchokenso. Koma atafunsa za mkati mwa nsomba, mkulu wake anati ali ndi homuweki. Atafunsanso, anati asamusokose. Kuyambira pamenepo mawu akuti nyanja sanatulukenso pakamwa pake m'nyumbamo.

Musaganize kuti Madontho anali wopusa. Nyanja anakaiona yekha ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anaponda m'madzi, analawa mchere wake, ndipo nkhanu zonse zimene anakumana nazo zinalibe ambulera. Sizinamudandaulitse. Ankati mwana akaona chinthu chachikulu chotero amawonjezerapo zake, basi. Chimene chinkamupweteka n'chakuti achemwali akewo, amene tsopano anali aphunzitsi a jogalafe pasukulu ya sekondale, anali asanavalepo ngakhale kandolo kamodzi ka manja ake. Ankalandira mphatso ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukatsekera m'dirowa. Ana asukulu ankawatchula kuti a Inki Yofiira, ndipo Madontho ankaona kuti anawo sanalakwitse.

Kuwaitana kuti adzaone ndolo kukanakhala kutaya nthawi. Choncho Lachinayi m'mawa anawaimbira foni n'kunena kuti makhadi ofotokoza katundu abwera kuchokera kosindikiza, ndipo akukayika ngati alembedwa bwino.

"Usawaike pazenera ndisanawaone," anatero achemwali, n'kudula foni.

Anafika cha m'ma thiri koloko, chikwama cha makope paphewa, choko chili mbuu pamkono wa bulauzi. Sanayang'ane pazenera. Anakhala pampando wa makasitomala, n'kuvala magalasi, n'kutulutsa cholembera chawo chija. Makhadi asanu oyamba anadutsa ndi mabala ochepa. Lachisanu ndi chimodzi linali lalikulu, loti likaime pakati pa zenera, ndipo linalembedwa kuti: Zonse mukuonazi anaziona kunyanja ndi mkulu wanga, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Cholembera chinaima m'malere.

"Ili lisaikidwe."

"Lalakwika pati, achemwali?"

"Ndati lisaikidwe."

"Chabwino, lichoka. Koma mundilipire." Madontho anatsegula dirowa, n'kutulutsa nsomba ija, n'kuiika patebulo pamwamba pa makhadi. "Ndinachira kalekale. Taonani, ndili ndi imvi ziwiri, ndili ndi shopu. Munati ndikachira mundiuza. Mkatimu muli chiyani?"

"Iwe, ndiwe mayi wamkulu tsopano. Zibwana zimenezi uzisiya liti?"

"Zibwana zimenezi ndi zimene zagula magalasi mukuwaonawa. Ndipo chitseko cha shopu ndakhoma, kiyi ali m'thumba langa la epuloni. Makope anuwo muchongera pompano."

Ananena akuseka. Achemwali anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kuwaika pambali pa cholembera. Madontho anali asanawaonepo nkhope yotero, ngati ya mwana amene wagwidwa ndi kapepala m'mayeso.

"Nyanja sindinaione," anatero.

"Eya, ndikudziwa kuti ambulera uja munawonjezera. Inenso ndinapitako, paja."

"Sukundimva. Sindinaione. Ngakhale dontho."

Kunja wokonza mawotchi anali kukangana ndi munthu wina za batire.

Achemwali anafotokoza akuyang'ana patebulo. Atafika padoko, anapeza kuti ana saloledwa kulowa. Bambo anagwira njakata. Anamubisa mtsikanayo kutsogolo kwa lole, pamene pamakhala dalaivala, n'kumuuza kuti mlonda akamadutsa aziwerama, n'kukhoma chitseko. Anati akapereka mapepala abwera msanga, ndipo akatsitsa katundu apita limodzi kugombe. Loleyo inaima moyang'anizana ndi mpanda wautali wa njerwa. Nyanja inali kuseri kwa mpandawo. Ankaimva ikuwomba, ankamva fungo lake, koma pazenera pankaoneka njerwa zokhazokha. Bambo anabwera dzuwa litapendeka, atapatsidwa katundu wina woti anyamuke naye nthawi yomweyo. Panjira anamupempha kuti asawauze mayi.

"Ndiye ndikulowa m'nyumba, iwe maso otseka, ukundifunsa kuti mwaiona? Ndikanati chiyani?" Mawu awo anali ouma. "Ndinanama. Mawa lake ndinanamanso. Iwe n'kumakhulupirira zonse, n'kumazijambula m'makope, lero wazipachika pazenera kuti tauni yonse ione. Ndaphunzitsa nyanja zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndimadziwa mayina ake, kuya kwake, mphepo zake. Sukulu ikakonza ulendo wa kugombe, ine ndimadwala mutu. Nditakaiona, ndingabwere kudzakuuza chiyani? Ndolo zako ndi zokongola, mng'ono wanga, ndimazitulutsa ndikakhala ndekha. Koma kuvala bodza langa lomwe m'khutu, n'kukaima nalo pamaso pa ana, sindingathe."

Madontho zinamupweteka, ndipo zinamupweteka pamalo pamene sankayembekezera. Zaka zonsezi ankati pansi pa nkhanu ndi kamba pali nyanja yeniyeni, imene maso a mkulu wake anaiona m'malo mwa maso ake otupa aja. Tsopano pansipo panali njerwa. Anayang'ana zenera lake lonse, ntchito ya zaka khumi ndi zinayi, ndipo kwa kanthawi linaoneka ngati tebulo la zidole.

Manja ake, posowa chochita, anatola nsomba ija. Chala chinakweza kachitseko pang'ono monga mwa chizolowezi, kachitseko n'kutseguka. Anatseka. Anakwezanso, n'kutsegula.

"Wapanga ndi kuvuta kwake komwe?" anafunsa achemwali motsitsa mawu.

"Sabata yathunthu ndinalimbana nako. Chitseko chabwinobwino n'chosavuta kupanga, chovuta mwadala ndiye chimazunguza mutu. Koma munati chimafuna kukweza kaye."

Anaima. Anayang'ana diso lowala, n'kuyang'ana lachimbuuzi. Lole ija ankaikumbuka pang'ono chabe, chifukwa kampani inawasinthira bambo galimoto iye asanayambe sukulu. Koma ankakumbuka m'mawa wina mayi akuseka pakhonde, akuwerenga mokweza injini ikukanika kulira: kamodzi, kawiri, katatu.

"Achemwali. Nyali yakumanzere ya lole ya bambo inali bwanji?"

Achemwali anayang'ana nsomba ija.

"Inali yofooka, eti? Ndipo chitseko cha mbali ya pasenjala..."

"Chinkafuna kukweza kaye."

Madontho anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi ili mbwembwembwe, moti wokonza mawotchi anasuzumira pagalasi kuti aone ngati kwagwa zotani. "Mayo ine! Zaka zonsezi ndakhala ndikupanga lole ya bambo ya siliva, n'kuiika zipsepse! Nanga nkhanu ya ambulera?"

"Mlonda," anatero achemwali. "Ankayenda chammbali, akusuzumira pansi pa magalimoto. Dzuwa linali loswa mtengo."

"Kamba wa masitepe?"

"Chigalimoto chonyamulira makontena. Chinkayenda pang'onopang'ono."

"Ndiye mwakhala mukundiuza kuti munanama? Inu simudziwa n'kunama komwe, achemwali. Munapatsidwa mpanda, mlonda ndi fungo, n'kubwera nazo kunyumba zili nyanja. Ine ndinapatsidwa nyanja yonse ndi maso awiri, ndipo ndinabwerako ndi mchenga m'nsapato basi." Anapukuta m'maso ndi epuloni, n'kukoka mpando wake kufupi. Mtima unali utabwerera m'malo, ndipo unabwerera ndi njala. "Tsopano mulibe pothawira. Mkati mwa nsombayi munakhalamo tsiku lathunthu. Ndiuzeni."

Anatenga fupa latsopano m'katoni, n'kulicheka, n'kuyamba kulikhuza pathabwa, fumbi loyera likugwera pamiyendo. Sanawayang'ane, podziwa kuti munthu wamanyazi amayankhula bwino ukamayang'ana kwina.

Poyamba zinkatuluka movuta. Munali mpando wautali, wong'ambika mbali ya kumanzere, siponji ili panja. Munali bulangete la bambo lonunkha dizilo. Munali kapu yachitsulo yomangidwa ndi chingwe kuti isamagubuduke, ndi chipeso chosomekedwa kuseri kwa galasi loonera m'mbuyo. Munkatentha moti diresi la kutchalitchi linamata kumsana. Madontho ankagoba, singano ikulira pang'onopang'ono m'fupamo: mpando, chiwongolero, zenera lalikulu kutsogolo.

"Basi? Munalibenso china?"

Achemwali anatsitsa mawu. "Munali mwana wamantha. Tsiku lonyamuka ndinawamva mayi akuuza bambo kukhitchini kuti mwina iwe sufika Lamlungu. Ankayesa ndili panja. Ndiye ndinakhala mmenemo, ndikudziwa kuti ndakusiya ukufa chifukwa chofuna kuona madzi, ndipo madziwo sindikuwaona n'komwe. Ndinalira mpaka misozi inatha. Kenako ndinayamba kuyankhula, kuti ndisapenge. Mlonda akadutsa ndinkati, taona nkhanu iyo. Chigalimoto chikadutsa ndinkati, taona kamba. Zonse zija ndinayambira mmenemo, ndikuuza mpando wopanda munthu."

Singano inaima pang'ono, kenako inapitiriza. Madontho anamva chisoni chachikulu chifukwa cha mtsikana wa diresi lomata kumsana uja, amene panalibe anamufunsapo kuti ulendo unali bwanji kwenikweni. Koma sanasiye ntchito. Anagoba kamutu kozungulira ndi timapewa pampando paja. Atamaliza, anasuntha singano pang'ono n'kugoba kamutu kena kocheperapo pambali pake.

Achemwali anali atavalanso magalasi. Anawerama, n'kuloza ndi cholembera.

"Walakwitsa. Munali mwana mmodzi."

"Nanga munkayankhula ndi ndani?"

Cholembera chinabwerera pang'onopang'ono.

"Inu munati nsombayi imatenga ana odwala n'kuwasunga mpaka achire," anatero Madontho, akupemerera fumbi m'fupamo. "Ine ndinadwala, ndinachira. Mukuganiza kuti masiku onse ajawo ndinali kuti? Tagwirani apa, ndimange waya."

Anagwira. Analowa limodzi kuchipinda cha kumbuyo, kumene kunali tebulo lachitsulo, botolo la gasi ndi ndowa ya madzi. Madontho anaimika fupalo mumchenga, n'kuyatsa moto, n'kuulozetsa pa tizidutswa ta siliva m'kambiya kadothi. Tinafiira, tinafewa, kenako tinakumana n'kukhala dontho limodzi lonjenjemera. Anathira kamodzi, mosadukiza. Utsi unakwera, achemwali n'kutseka mphuno.

"Fungo limeneli umalipirira tsiku ndi tsiku?"

"Ndi perefyumu wanga. Tasunthani, mungapse bulauzi."

Anadikira pang'ono, n'kudula waya, n'kuponya zonse m'ndowa. Madzi anachita thovu. Anavuula kachitsulo kakuda kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, n'kukatsuka ndi burashi, n'kukapukuta mpaka kanayamba kuwala. Anakayang'ana yekha kaye, monga amachitira mmisiri aliyense, ndipo anaona chimene fupa linachita. Anangokaika m'dzanja la achemwali ake n'kuwapatsa galasi lokulitsira zinthu.

Mpando unatuluka bwino, ndi kung'ambika kwake komwe. Chiwongolero chinalipo. Timitu tiwiri tinali titagundana, kakakulu ndi kakang'ono, tikuyang'ana kutsogolo. Pazenera la lole lija Madontho sanagobepo kanthu, anangosalaza. Koma fupa linasiyapo mizere yake, kuyambira mbali ina mpaka inzake, mzere pamwamba pa mzere, yokhotakhota, ikubwera kwa ana awiriwo.

Achemwali anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuvalanso, n'kuyang'ananso.

"Mpanda uli kuti?"

"Sindinauike. Ndipo izo si ine, ndi fupalo. Linachokera komweko, limadziwa."

"Imaoneka chonchi?"

"Chonchi ndithu. Kungoti imasokosa."

"Kusokosako ndikukudziwa," anatero achemwali, ndipo misozi inatsika osaibisa.

Madontho anawasiya alire, iye n'kukhala patebulo lake. Anadula kamchira kamene siliva analowera, n'kusalaza m'mbali ndi tupa, n'kulowetsa kachitsuloko m'mimba mwa nsomba. Kanakwana ngati kanabadwira momwemo. Anapinda timano tinayi togwirira, n'kutseka chitseko, n'kukweza, n'kutsegula. Kenako ananyamuka kuti akaike nsombayo pa kathabwa ka nsalu yakuda kaja.

"Ukupita nayo kuti?"

"Pazenera, pamalo pake."

"Kuti munthu wina aigule, azikatsegula chitseko cha bambo ndi zala zamafuta? Pazenerapo ikapo nkhanu." Achemwali anali atabwezera cholembera m'chikwama, ndipo anali kumasula batani lapamwamba la bulauzi. "Tcheni chake chikhale chachifupi. Ndikamawerama pochonga makope, isamagunde patebulo."